Ku Andorra safunsa viza, koma geti ni ya aneba

Kadziko aka ka ku Ulaya kalibe eyapoti, kalibe sitima, ndipo sikadinda viza kwa mlendo aliyense. Alendo ocokela ku India amakopeka na sinoo komanso mashopu ochipa. Koma kanambala kamodzi cabe pa pasipoti kangasandutse holide kukhala misozi.

Mawu akuti “kulibe viza” amakoma m'khutu monga meseji ya ku banki pa mapeto a mwezi. Pa nkhani ya Andorra, mawuwa ni azoona. Munthu wa pasipoti ya India angakhale m'dzikoli masiku ofika 90 monga mlendo, popanda kupempha viza ku boma la Andorra. Boma limenelo lilibe na viza yakuti likupatseni.

Manje mvetselani mbali imene ma ejenti ena amaiwala dala kukamba. Andorra ili pakati pa Spain na France, pamwamba pa mapili a Pyrenees. Kulibe nyanja, kulibe njanji, kulibe bwalo la ndeke. Kuti mufikeko muyenela kuponda Spain kapena France, ndipo pocoka muyenela kupondanso limodzi mwa maiko awiliwa. Zili monga nyumba ya kumbuyo kwa yadi. Mwine wake ati “bwelani nthawi iliyonse”, koma makiyi a geti ali na alandilodi. Alandilodi a nkhani ino afuna viza ya Schengen, ndipo si viza iliyonse ya Schengen imene ingakutulutseni bwino.

Kadziko ka mafumu awili

Andorra ni yaing'ono zoona. Kukula kwake ni masikweya kilomita 468, kutanthauza kuti ingalowe mu Zambia maulendo opitilila 1,600. Anthu ake onse sangadzaze Heroes Stadium kawili. Likulu lake ni Andorra la Vella, tauni imene ili pa mamita opitilila 1,000 kucokela pa nyanja, ndipo ku Ulaya konse kulibe likulu lina lokwela kuposa ili. Citundu ca boma ni Cikatalani, ndalama ni euro.

Utsogoleli wake ni wodabwitsa. Kuyambila pa pangano la mu 1278, dzikoli lili na mafumu awili. Masiku ano mmodzi ni bishopu wa ku Urgell, ku Spain, winayo ni pulezidenti wa France. Nchito ya tsiku na tsiku imayendetsedwa na boma losankhidwa na anthu, motsatila malamulo a dziko amene analembedwa mu 1993. Olo agwilitsila nchito euro, Andorra siili mu European Union, siilinso mu Schengen. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Cimawakoka n'ciani?

Okonda Zee World na mafilimu a Bollywood adziwa mmene Spain inachukila ku India. Filimu ya mu 2011 ya Zindagi Na Milegi Dobara, mmene munali Hrithik Roshan na Katrina Kaif, inajambulidwa ku Barcelona na matauni ena a Spain, ndipo inapangitsa acinyamata ambili a ku India kulakalaka ulendo wa kumeneko. Munthu akafika ku Barcelona, Andorra ili pafupi. Ni makilomita pafupifupi 200, monga Lusaka na Kapiri Mposhi, maola atatu pa basi. Kucokela ku Toulouse, mbali ya France, nthawi ni imodzimodzi.

Amene anakulila m'kutentha kwa Mumbai kapena Chennai amafuna kugwila sinoo na manja. Kuyambila Disemba kufika Malichi mapili amayela mbee, ndipo malo a masewela a ski monga Grandvalira amadzala. Ena amapita kukasamba madzi otentha ocokela pansi ku Caldea. Ena ni mashopu cabe. Msonkho wa pa katundu ku Andorra ni 4.5 pelesenti, pamene ku Spain ni 21 ndipo ku France ni 20. N'cifukwa cake mu msewu wa Meritxell anthu amapanikizana kugula pefyumu, mawochi na mafoni. Ambili amapita m'mawa n'kubwelela madzulo, ndipo amauona monga ulendo wamba wa pa basi. Amaiwala kuti awoloka boda kawili.

01, 02 kapena MULT

Schengen ni gulu la maiko 29 a ku Ulaya amene anacotsa maboda pakati pawo. Ukalowa limodzi, ungayende m'onse na viza imodzi, kwa masiku osapitilila 90 pa masiku 180 alionse. Pa kasitika ka viza kamene amamata mu pasipoti pali mzele woonetsa kuti uloledwa kulowa kangati. Pamalembedwa 01, 02 kapena MULT. 01 ni kulowa kamodzi, 02 ni kawili, MULT ni kambili.

Manje tiyeni tiwelenge pamodzi. Mnyamata wa ku Delhi watsika ndeke ku Barcelona. Kumeneko ni kulowa koyamba. Wazungulila masiku anayi, wakwela basi ya ku Andorra. Basi ikangodutsa boda ya pafupi na Sant Julià de Lòria, mwalamulo watuluka mu Schengen. Madzulo afuna kubwelela ku hotela yake ku Barcelona. Kumeneko ni kulowa kwaciwili. Ngati pa sitika pali 01, viza yake inatha mphamvu m'mawa uja, olo tsiku lothela likali kutali. Ofisa wa Spain kapena wa France ali na mphamvu zomukaniza.

Ganizilani vuto lake. Munthu amene wakanizidwa pa eyapoti amamukweza ndeke yobwelela kwawo. Koma uyu ali m'dziko lopanda ndeke. Kumanja ni France, kumanzele ni Spain, ndipo onse awili ni Schengen. Tiketi ya ku Delhi ili m'thumba, cikwama cili ku hotela ku Barcelona, ndipo India ilibe embasi ku Andorra. Imene imayang'anila dzikoli ili ku Madrid. Ndiye ni kulipila hotela masiku oonjezela, kugula tiketi ina, na kupempha cifundo m'maofesi. N'cifukwa cake boma la Andorra lenilenilo limauza alendo ofunika viza ya Schengen kuti atenge yolowa kawili kapena kambili.

Padzapezeka wina wokamba kuti, “Ah iwe, ine n'napita na 01, palibe ananifunsa.” Zimacitika. Pa boda iyi pamadutsa mamotoka ambili tsiku lililonse, ndipo si onse amene amawaimitsa kuona mapasipoti. Koma umenewo ni mwayi cabe, si lamulo. Apolisi na a kasitomu alipo, ndipo amakwela m'mabasi akafuna, kaili katundu wochipa wa ku Andorra ali na malile ake potuluka. Akayamba kusecha vikwama, kufunsa pasipoti sikucedwa. Kubecha ulendo wa ndalama zonsezo pa tulo twa ofisa ni njuga yoipa.

Cimene cimasokoneza anthu n'cakuti tumaiko twina tung'onotung'ono twa ku Ulaya tulibe vuto ili. Liechtenstein inalowa mu Schengen mu 2011, Malta mu 2007. Monaco, San Marino na Vatican si mamembala, koma maboda awo na aneba ni otseguka, ndipo viza ya 01 imakwana. Munthu amaganiza kuti Andorra nayo ni cimodzimodzi. Iyayi mwandi, iyi ili payokha.

Mapepala na ndalama

Popeza Andorra siili mu Schengen, viza muipempha ku Spain kapena ku France. Lamulo lake n'lakuti mupite ku dziko limene mudzakhalako masiku ambili. Ngati masiku ni ofanana, mupite ku limene mudzayambila kulowa. Ku India, mapepala a France amalandilidwa na kampani ya VFS Global, a Spain na BLS International, koma wogamula ni embasi.

Mtengo wa viza kuyambila pa 11 Juni 2024 ni ma euro 90 kwa wamkulu, 45 kwa mwana wa zaka 6 kufika 11, ndipo ocepela zaka 6 salipila. Kampani yolandila mapepala nayo ili na kake. Mukakanizidwa, ndalamazi sizibwela. Koma cokondweletsa ni ici: mtengo ni umodzi, kaya mwapempha 01, 02 kapena MULT. Pa fomu pali tumabokosi tutatu. Kuconga kolakwika sikupulumutsa olo ngwee imodzi.

Kuconga cabe sikokwanila, pakuti embasi ingakupatseni zocepa ngati sinaone cifukwa. Lembani kalata yaifupi yofotokoza ulendo tsiku na tsiku, muchule Andorra poyela, muikepo buking'i ya hotela kapena tiketi ya basi. Ngati mufuna kulowa ku Andorra kawili, kapena kudumphila ku London kapena ku Morocco pakati pa ulendo, 02 idzacepa. Pemphani MULT.

Pasipoti ikhale yosapitilila zaka 10 cipelekedwele, yotsala na masamba awili oyela, ndiponso ikhale na moyo wa miyezi itatu kucokela pa tsiku limene mudzatuluka mu Schengen. Afunanso zithunzi, tiketi yobwelela, umboni wa kumene mudzagona, sitetimenti ya ku banki na kalata ya ku nchito kapena ku sukulu. Amatenga zidindo za zala, ndipo zimakhala m'kompyuta miyezi 59. Mungapeleke mapepala miyezi 6 ulendo usanafike, koma osacedwa kufika pa masiku 15 othela. Yankho nthawi zambili imatuluka m'masiku 15, koma ingafike masiku 45.

Inshuwalansi ya cipatala iyenela kukhala ya ma euro 30,000 kapena kuposapo. Apa napo pali msampha. Inshuwalansi zina zimalemba “maiko a Schengen” cabe, ndiye Andorra yatsala kunja. Ukathyoka mwendo pa sinoo, bilu yonse ni yako. Welengani tumalemba tung'ono, ndipo ngati Andorra palibe, auzeni aonjezele. Foni nayo ni cimodzimodzi. Simu imene mwagula ku Spain, imene iseweza bwino ku France na ku Italy, ikafika ku Andorra nthawi zambili imayamba kudya ndalama monga foni ya kunja. Zimitsani data musanadutse boda.

Mwayi wa mu 2024

A ku India ali na kamwayi kamene ena alibe. Pa 18 Epulo 2024, European Commission inafewetsa malamulo kwa nzika za India zokhala ku India. Amene anatengapo maviza awili m'zaka zitatu zapita, n'kuwagwilitsila nchito mwalamulo, angapatsidwe MULT ya zaka ziwili. Ikatha bwino imeneyo, yotsatila ni ya zaka zisanu, ngati pasipoti ikali na moyo wokwanila. Kwa amenewa nkhani ya Andorra ni yosavuta. Amene afunika kusamala ni oyamba kumene, a hanimuni na ana a sukulu, cifukwa ni amene kambili amapatsidwa 01 ya masiku owelengeka.

Mawu ofunika pamenepa ni akuti “mwalamulo”. Kuyambila pa 12 Okutobala 2025 maiko a Schengen anayamba kulemba alendo m'kompyuta pa maboda, na cithunzi ca nkhope, tsiku lolowa na lotuluka. Kupitiliza masiku kapena kukanizidwa pa boda kumatsala m'mbili yako, ndipo kudzakudikila pa fomu yotsatila.

Nanga ife a pa Zed?

Pasipoti ya Zambia nayo ifunika viza ya Schengen, conco masamu a 01, 02 na MULT ni athu tonse. Abwana anu a pa shopu ku Kamwala kapena ku Chipata, kaya ali na pasipoti ya India kaya ya Zambia, lamulo la pa boda ya Andorra ni limodzi. Kusiyana kuli apa: munthu amapempha viza m'dziko limene akhala mwalamulo, ndipo mwayi wa 2024 uja ni wa okhala ku India. Kwa enafe pali makwelelo a nthawi zonse: maviza atatu m'zaka ziwili, ndiye MULT ya caka cimodzi, kenako ya zaka ziwili, kenako zisanu.

Acinyamata ofuna nchito kunja, tsegulani maso. Wina akakuuzani kuti adziwa dziko la ku Ulaya lopanda viza, mumupatse cabe ya tiketi na ya “koneksheni”, mufunseni kuti ndeke idzatela kuti. Kulowa monga mlendo sikupeleka ufulu wogwila nchito. Nchito ku Andorra, olo ya m'mahotela pa nyengo ya sinoo, ifuna cilolezo ca ofesi yawo ya imigileshoni, ndipo boma limaika ciwelengelo ca anthu akunja amene lidzalola.

Andorra na European Union akhala akukambilana za kayendetsedwe ka boda iyi, conco musanalipile ciliconse funsani embasi imene idzakudindilani viza. Ndipo tsiku lotenga pasipoti, osathamangila kujambula selfi ya pa Facebook. Itseguleni mukali pa kaunta, muone dzina, muone masiku, muone kanambala kaja. Ngati palembedwa 01, funsani pomwepo ngati angakonze. Akakana, Andorra muicotse pa pulogilamu, mudyelele Barcelona na mtima umodzi. Mapili sathawa, mudzawapeza ulendo wina.