KUKONZEKERA NAMONDWE PAMBUYO PA CILALA

Cilala ca 2024 cinatisiya ndi nkhokwe zopanda kanthu. Tsono mbeu zocepa zimene tapeza tisazitayenso ndi madzi.

Namondwe amayambira pa nyanja ya Indian Ocean, makamaka kuyambira Novembala kufikira Epulo. Akafika pamtunda ku Mozambique mphepo yake imacepa, koma mvula yake imafika kutali. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe Freddy anapha anthu mazana ambiri kumwera kwa Malawi, dziko loyandikana nafe. Nthaka youma ndi yopanda udzu siimwa madzi msanga. Madziwo amangothamanga, nakokolola minda ndi kugwetsa zipupa za zidina zosaocha.

Mukamva cenjezo pa wailesi, citani izi:

1. Ikani mbeu ndi ufa m'zigubu zotseka bwino, pamalo okwera.
2. Mangani denga ndi waya kapena luzi, ndipo khomani malata ogwedera.
3. Kumbani ngalande kuzungulira nyumba ndi nkhokwe.
4. Tungani madzi akumwa a masiku atatu. Madzi osefukira amabweretsa kolera, conco aziwiritsidwa.
5. Kulungani ziphaso, makhadi a kucipatala ndi mankhwala m'pulasitiki.
6. Okhala m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje asamukire kumtunda kusanade, pamodzi ndi ziweto. Musaoloke mtsinje wodzala.

Akulu a mpingo ndi amai a Cigwirizano adziwiretu nkhalamba, amasiye ndi olumala ofunika kuwanyamula. Kukonzekera sikucepa kwa cikhulupiriro ai. Nowa anakhoma cingalawa mvula isanayambe.