MMISIRI AYAMBE WAFUNSA: KAPANGIDWE KA BESI GITALA

Aliyense amene anakhalapo pa ukwati kapena pa msonkhano wa makwaya kuno ku Mangochi adziwa kuti pa gulu la oyimba pamakhala gitala imodzi ya mawu aakulu, imene kulira kwake kumamveka m'chifuwa ngati ng'oma yaikulu. Gitala imeneyo dzina lake ndi besi. Alendo amene anasonkhana ku Nkopola pa chikondwerero cha Lake of Stars m'zaka za 2010 ndi 2011 anavinira chida chomwechi, ndiponso mipingo yambiri ya m'mbali mwa nyanja ifunitsitsa kukhala nacho.

Anthu ambiri aganiza kuti besi ingapezeke kusitolo kokha. Si choncho ayi. Mmisiri wa matabwa waluso angathe kupala thupi ndi khosi lake, n'kugula nsambo ndi zitsulo zokha. Koma ntchito imeneyi idya ndalama ndi miyezi, ndipo thabwa likadulidwa molakwa silibwerera. Tsono mwezi uno tifuna kulongosola mmene chidachi chiliri, ndi chifukwa chake mmisiri sayenera kugwira sowo asanakhale pansi ndi munthu amene adzachiliza.

Ife a kunyanja nzeru imeneyi tiidziwa kale. Msodzi wa ku Chembe kapena ku Makanjira akafuna bwato, wosema amayamba wafunsa kuti, "Kodi mudzakweramo angati? Mudzapita pakati pa nyanja ndi chilimira, kapena mudzangotchera matchera m'mbali muno?" Akamva mayankho ndipo amanyamula nkhwangwa. Besi nayonso ifuna mafunso otere.

BESI YA KWATHU

Tisanapite kutali, tikumbuke kuti dziko lathu lili ndi besi yakeyake yotchedwa babatoni. Ili ndi nsambo imodzi, mtengo wautali, ndi bokosi kapena ng'oma yokuza mawu. M'chaka cha 1967, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana mu mzinda wa Blantyre ndi gulu la Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ndipo pa gulu lawolo panali besi ya nsambo imodzi. Ku Nkhata Bay, Gasper Nali anatchuka ndi babatoni wotalika pafupifupi mamita 3, wa chikopa cha ng'ombe ndi waya wa m'tayala, amene amamuliza ndi kamtengo ndi botolo. Yobu Maligwa wa Madalitso Band anafika mpaka ku Ulaya ndi babatoni wopangidwa pamanja.

Babatoni savuta kuyeza chifukwa kawirikawiri womupanga ndi womuliza ndi munthu mmodzi. Mtengo ukatalikitsa audula, waya akalira moipa amusintha. Koma besi ya magetsi ifuna anthu awiri, mmisiri ndi woliza, ndipo awiriwa akapanda kumvana chida chiwonongeka.

MMISIRI AMENE SANALI WOYIMBA

Kale oyimba a ku America ankaliza besi yaikulu yoimirira, yotalika ngati munthu wamkulu. Inali yovuta kunyamula, ndiponso mawu ake ankamira pakati pa malipenga ndi ng'oma. M'zaka za m'ma 1930, Paul Tutmarc wa ku Seattle anapanga besi ya magetsi yogwira ngati gitala, koma sinafale. Imene inafala inatuluka m'chaka cha 1951 ku Fullerton, m'chigawo cha California. Anaipanga ndi Leo Fender, ndipo anaitcha Precision Bass.

Chodabwitsa ndi ichi: Fender sanali woliza gitala. Asanayambe kupanga magitala, ntchito yake inali yokonza mawailesi. Podziwa kupereweza kwake, ankapereka zida zatsopano kwa oyimba kuti akayese pa madansi, ndipo akabwera ndi madandaulo iye ankamvetsera. Oyimba ena, monga Bill Carson, anadandaula kuti m'mphepete mwa gitala mukuwabaya m'nthiti. Motero m'chaka cha 1954 thupi la magitala ake atsopano linapalidwa mowinda pamene likhudza mimba ndi mkono, ndipo besi nayonso inapalidwa chimodzimodzi. M'chaka cha 1960 anatulutsa besi yachiwiri, Jazz Bass, ya khosi lowonda kumtunda, loti zala zithamange bwino.

Palinso nkhani ina yotichenjeza. Woliza besi wa ku New York, Anthony Jackson, anafuna besi ya nsambo 6 m'malo mwa 4. Mmisiri Carl Thompson anamupangira m'chaka cha 1975, koma nsambo zinathithikana kwambiri ndipo Jackson sanakhutire. Panapita zaka akuyesa ndi amisiri ena asanapeze imene zala zake zinafuna. Ngati akatswiri otere anaphonyana pa mpata wa pakati pa nsambo, nanga ife tilekerenji kufunsana?

MMENE BESI ILIRIRA

Nsambo ikakhala yaitali ndi yonenepa, igwedezeka pang'onopang'ono ndipo itulutsa mawu a pansi. Besi wamba ili ndi nsambo 4, zimene oyimba azitcha E, A, D ndi G. Yonenepa koposa, ya E, igwedezeka pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi.

Thupi la besi ya magetsi ndi thabwa losaboola, choncho palokha silikuza mawu. Pansi pa nsambo pali kabokosi kotchedwa pikapu. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikagwedezeka pamwamba pa maginitowo, mu wayamo mubadwa mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri. Mphamvuyo iyenda m'chingwe kufika ku ampulifaya, imene iikuza n'kuipereka ku sipika. Apa pali phunziro: twaini wa nayiloni wa asodzi, ngakhale ali wolimba, sangalire pa pikapu yotere, pakuti maginito sadziwa nayiloni. Pafunika nsambo zachitsulo.

Pa khosi pali tizitsulo topingasa totchedwa mafureti. Chala chikakanikiza nsambo kuseri kwa kachitsulo, nsamboyo ifupika ndipo mawu akwera. Tizitsuloti saika mongoganizira. Pa besi zambiri, mbali ya nsambo imene igwedezeka italika mainchi 34, ndiwo pafupifupi masentimita 86. Mukagawa 34 ndi 17.817 mupeza mainchi 1.9, ndipo apo ndi pa kachitsulo koyamba. Utali wotsala muugawenso ndi 17.817 kuti mupeze kachiwiri, n'kumapita choncho. Kachitsulo ka nambala 12 kayenera kugwera pakati penipeni, pa mainchi 17. Kakaphonya pamenepo, besi idzasemphana ndi kwaya masiku onse.

Aphunzitsi, nayi ntchito yabwino ya ana a makalasi aakulu. Kungani waya pa thabwa, muike chitini pansi pake. Lizani wayayo, kenaka mukanikize pakati penipeni ndi kulizanso. Ana adzamva "do" wa pansi atasanduka "do" wa pamwamba, ndipo adzaona okha kuti masamu ndi nyimbo n'zapachibale.

MAFUNSO ASANU NDI LIMODZI

Tiyerekeze kuti mpingo wina wa ku Malindi kapena ku Namwera wasonkha ndalama ndipo wapita kwa mmisiri. Nawa mafunso oyenera kuyankhidwa thabwa lisanadulidwe.

1. Adzaliza ndani? Ngati ndi mwana wa sukulu kapena munthu wa zala zazifupi, mainchi 34 angamutopetse. Pali besi zina za mainchi 30, monga Mustang Bass imene kampani ya Fender inatulutsa mu 1966. Mmisiri ajambule tizitsulo pa thabwa wamba, woliza atambasulepo zala. Ngati oliza ali awiri kapena atatu, onse abwere, ndipo afunsidwe ndi wamng'ono yemwe.

2. Aliza ndi dzanja liti? Wamanzere afuna kuti thupi ndi nsambo zitembenuzidwe. Funso ili lioneka lachibwana, koma likaiwalika ntchito yonse ibwerezedwa.

3. Adzaimirira nthawi yotalika bwanji? Besi zambiri zilemera pafupifupi makilogalamu 4. Pa ukwati woliza aimirira kuyambira masana mpaka usiku, lamba ali paphewa. Mmisiri amangirire mwala wolemera chomwecho pa lamba, woliza auvale kwa ola limodzi, kenaka anene. Ayesenso ngati khosi silidzalemera kuposa thupi, pakuti besi yogwa chamutu itopetsa dzanja lochirikiza.

4. Khosi linenepe bwanji, ndipo nsambo zitalikirane motani? Apa pasakhale kufulumira. Mmisiri apale khosi loyesera la thabwa lotsika mtengo, woliza aligwire, anene pamene pakumupweteka chikhatho. Kuchotsa thabwa n'kwapafupi, kulibwezera n'kosatheka.

5. Nsambo zikhale zingati? Oyimba ena a nyimbo za uzimu akonda nsambo 5, chifukwa yachisanu, ya B, itsika pansi kuposa E. Koma khosi lake likhala lotambalala, pikapu ndi zitsulo zake n'zina, ndipo nsambo ikaduka woliza adziwiretu kumene adzagule inzake. Wa ku Makanjira aganizire bwino ulendo umenewo.

6. Adzaliza kuti, ndipo magetsi adzachokera kuti? Besi yopanda ampulifaya ili ngati bwato lopanda nkhafi. Kumene mawaya a magetsi sanafike, mpingo uyambe waganiza za batire ndi sola. Ndiponso besi zina zili ndi kabatire kakang'ono m'kati, kamene kakatha pakati pa mapemphero chida chileka kulira bwino. Kwa a kumudzi, besi yopanda kabatire ndiyo yosavuta kusamala.

ZA MTENGO

Woliza anena zimene thupi lake lifuna, koma pa nkhani ya mtengo mwini mawu ndi mmisiri. Nsambo zinayi zikakungidwa zikoka khosi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50, usana ndi usiku. N'chifukwa chake m'kati mwa khosi aikamo ndodo yachitsulo yokhala ndi nati, yowongolera khosi likayamba kupindika. Mmisiri asalole kuti ndodo imeneyi isiyidwe pofuna kupulumutsa ndalama.

Kuno kunyanja kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, kenaka mvula ibwera ndi chinyezi. Thabwa lifota pa chilimwe ndi kufufuma pa dzinja. Thabwa laliwisi lidzapotoka chaka chisanathe. Amisiri akale amati thabwa lochindikala inchi imodzi liume chaka chathunthu pa mthunzi, pamalo popita mphepo. Mbawa ipalika bwino ndipo iyenera thupi. Mlombwa sukonda kupotoka. Koma mitengo iwiriyi yachepa m'nkhalango zathu, choncho musadule popanda chilolezo cha a za nkhalango. Chitseko chakale kapena tebulo lothyoka la mbawa liposa thabwa latsopano, pakuti linauma kalekale.

CHENJEZO

Nsambo za besi zilumikizana ndi ampulifaya kudzera m'chingwe. Ampulifaya ikakhala yowonongeka, kapena pulagi yake ikasowa waya wopita m'nthaka, magetsi angafike m'manja mwa woliza. Musalize mutaponda pansi ponyowa opanda nsapato, makamaka pa mchenga wa kunyanja. Musalowetse mawaya osavala m'soketi ndi timitengo ta machesi. Mukamva kunyerenyetsa pa zala kapena pa milomo mukayandikira maikolofoni, zimitsani msanga ndi kuitana wodziwa za magetsi.

POMALIZA

Zonse zimene mmisiri ndi woliza agwirizana zilembedwe pa pepala, miyeso ndi mtengo womwe, ndipo aliyense asunge lake. Woliza abwere kudzayesa kawiri kapena katatu ntchito ili m'kati, makamaka utoto usanapakidwe, pamene kukonza kukali kotheka. Mmisiri asachite manyazi kufunsa mnyamata wochepa msinkhu kwa iye, ndipo mnyamata asaope kunena mwaulemu kuti, "Bambo, apa pakundipweteka." Makolo athu anati safunsa anadya phula.

Inu amene mwawerenga nkhaniyi, muwafotokozereko amisiri a m'mudzi mwanu ndi atsogoleri a makwaya, ndalama za msonkhamsonkha zisanatuluke m'thumba.