Mitengo ya Pasukulu: Chifukwa Chake Yambiri Imafa Isanathe Chaka

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, dziko la Malawi limakhala m'nyengo yodzala mitengo, ndipo sukulu za pulayimale ndi ena mwa malo amene mwambo wodzalawu umachitikira kawirikawiri. Ana amaimba, alendo olemekezeka amadzala mbande imodzi imodzi, kenaka makasu amabwerera kumudzi. Komatu munthu wodutsa pamalo omwewo mwezi wa Okutobala nthawi zambiri amangopeza timitengo touma ndi maenje opanda kanthu. Chiwerengero cha mbande zodzalidwa chimalengezedwa tsiku lomwelo. Chimene sichimveka n'chakuti zapulumuka zingati.

Gwero la vutoli lili pa kalendala. Mvula imaleka cha mu Epulo. Teremu yachitatu imatha kumapeto kwa Julayi, ndipo pasukulu pamakhala zii mpaka Seputembala. Nthawi imeneyi ndi yomwe mbuzi zimakhala zitamasulidwa anthu atakolola, osaka mbewa amatentha tchire, ndipo chiswe chimalondola chinyontho chotsalira patsinde pa kamtengo. Mbande imakumana ndi adani atatu onsewa popanda woiyang'anira, dzuwa la Okutobala n'kudzamaliza zotsalazo. Yodzalidwa mochedwa, monga mu Malichi, ndiyo imayamba kufa, pakuti imalandira mvula ya masabata ochepa mizu isanazame. Ngakhale nyengo yodzala imafika mu Epulo, sukulu yofuna mitengo yamoyo imadzala mu Disembala kapena Januwale, nthaka ikangonyowa bwino.

Kuti zimenezi zitheke, ntchito imayenera kuyamba sukulu zikangotsegulira mu Seputembala. Nazale ya pasukulu sifuna ndalama zambiri: malo a mthunzi pafupi ndi mjigo, mpanda wa udzu, machubu, ndi dothi lachonde losakaniza ndi manyowa owolerana ndi mchenga pang'ono. Madzi otayika pamjigo, amene amangodikha n'kuswetsa udzudzu, akhoza kulondoleredwa ku nazaleyo kudzera m'kangalande. Mbande zofesedwa nthawi imeneyi zimakhala zitakhwima pofika Disembala, ndipo sizivutika ndi ulendo wautali wa pagalimoto monga zogula kutali. Kumeneko mwana amadzionera yekha mbewu ikumera, zimene m'kalasi amangozimva pa phunziro la ulimi.

Kusankha mtundu wa mtengo nakonso n'kofunika, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya podzala chilichonse chimene chapezeka. Keshya amapirira chilala, mbuzi sizimukonda kwenikweni, ndipo akadulidwa amaphukanso, motero ndi woyenera nkhalango ya nkhuni. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuwonjezera chonde, choncho malo ake ndi m'munda wa sukulu. Mbawa imakonda malo a chinyezi monga m'mphepete mwa mtsinje. Bulugamu amakula msanga, koma amamwa madzi ambiri ndipo ali wamng'ono chiswe chimamukonda; kumudzala pafupi ndi mjigo kapena dimba ndi kudziputira mavuto. Mango, magwafa ndi mapapaya ali ndi mwayi umene mitengo ina ilibe: ana amawasamala popanda kukakamizidwa, chifukwa akudziwa chimene akuyembekezera.

Wina angafunse kuti kholo likuvutikiranji ndi mitengo ya pasukulu. Kumene ana amalandira phala, nkhuni zophikira zimachokera kwa makolo omwewo, ndipo amayi odzipereka kuphika amayenda mtunda wautali kukazifuna. Nkhalango ya sukulu ikakula, nthambi zosadzidwa zimapepuza katundu ameneyu, makamaka pophikira pa mbaula zosatha nkhuni. Mzere wa mitengo kumbali imene mphepo imachokera umateteza madenga, amene akasasuka ndi makolo omwe amasonkha ndalama ndi kuumba njerwa. Kungoti mitengoyo isayandikane kwambiri ndi makoma, kuopa mizu ndi nthambi zogwa. Namondwe wa Freddy, amene anasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anawononga sukulu zambiri, ndipo zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Mitengo singaimitse namondwe, koma bwalo lokhala ndi mitengo ndi mizere ya udzu wa vetiva silikumbika zigwembe msanga ngati bwalo loyera mbee, losesedwa tsiku ndi tsiku mpaka maziko a makalasi kuonekera.

Kusesa komweku kuli ndi mbali yake ina. Masamba amene ana amasesa m'mawa n'kuwatentha ndi manyowa otayidwa. Sukulu ikakumba maenje awiri, lina la zowola monga masamba ndi makoko a zipatso, lina la zosawola, dzenje loyambalo limapereka kompositi wa nazale ndi dimba. Masamba ena akhoza kuphimbira patsinde pa mbande kuti chinyontho chisathe, pongosiya kampata kuti asakhudze tsindelo. Mapepala apulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60, boma linawaletsa mu 2015 ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma akadali mbwee pamalo ogulitsira zitumbuwa ndi mafiliziyesi pakhomo pa sukulu. Kuwatentha pafupi ndi makalasi n'kupatsa ana utsi woipa. Makalabu a zachilengedwe, monga amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limalimbikitsa m'sukulu, ndiwo angatsogolere anzawo pa makhalidwe oterewa.

Komabe mwana wa Sitandade 4 sangabweze mbuzi za mfumu. Ntchito ya miyezi yachilimwe ndi ya akuluakulu. Komiti ya sukulu ndi ya makolo ndi aphunzitsi ziyenera kugawa masiku othirira pa tchuthi sukulu isanatsekere, ndi kuonetsetsa kuti mbande iliyonse yatchingidwa ndi minga, nsungwi kapena njerwa zosweka. Mafumu ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'mudzi okhudza ziweto ndi moto, pamene komiti yoona zachilengedwe m'mudzi ingathandize kulambula m'mbali mwa nkhalango tchire lisanayambe kupsa. Zofunika monga machubu ndi makeni othirira zikhoza kulembedwa m'ndondomeko ya chitukuko cha sukulu, ndipo alangizi a zankhalango ndi zaulimi alipo kuti apereke upangiri wa mbewu ndi kafesedwe. Zoposa mphamvu za sukulu zimadzera ku komiti ya VDC, kenaka ADC ndi khansala wa wodi, kuti zifike ku khonsolo.

Mwezi woyenera kuwerenga mitengo ndi Novembala, mvula yoyamba isanagwe. Mphunzitsi ndi ana ake akayenda mzere ndi mzere n'kulemba yamoyo ndi yakufa, komiti imadziwa maenje ofunika kubwezeramo mbande mu Disembala, mtundu umene wakana nthaka ya pamalopo, ndi mbali ya mpanda imene mbuzi zikulowera.