Namondwe wa Cipale pa Nyanja ya Erie

Pa 18 Novembala 2014 anthu a mumzinda wa Buffalo, m'dziko la Amerika, anaona cinthu codabwitsa. Amene anaimirira pakati pa mzinda ndi kupenya kumwera anaona mtambo woyera utaima nji ngati khoma, kuyambira pa nyanja kufikira kumtunda. Pamene iwo anaimapo cipale cinali cocepa, ndipo pa bwalo la ndege cinangokwana mainchesi 6. Koma kuseri kwa khomalo, mailosi owerengeka okha, cipale cinagwa usana ndi usiku osalekeza kufikira cinapitirira mapazi 5. Citapuma tsiku limodzi cinayambanso, ndipo midzi ina inakwiririka ndi mapazi pafupifupi 7, ndiko kuposa msinkhu wa munthu wamtali. Matsindwi mazanamazana anagwa, magalimoto anatsekeredwa m'miseu, ndipo anthu oposa 10 anafa.

Kodi zitheka bwanji kuti mbali ina ya mzinda ikwiririke pamene mbali inzace iri kuyenda bwino? Yankho lace lipezeka pa zinthu zitatu: nyanja, mphepo ndi mapiri.

Cipale ndi namondwe wace

Omvera ambiri adziwa matalala, amene agwa ndi mvula ya mabingu ndi kuboola masamba a fodya. Adziwanso cisanu ca mwezi wa Juni cimene cipsereza mbeu m'madambo. Cipale cofewa cisiyana ndi zonse ziwirizi. Cimeneci cipangika m'mitambo pamene kwazizira kwambiri, kotero kuti nthunzi ya madzi iundana nisanduka tizidutswa topepuka ngati nthenga. Tizidutswato tikagwa pa nthaka yozizira sitisungunuka, koma tiunjikana ngati thonje. Mainchesi 10 a cipale akasungunuka apereka madzi okwana ngati inchesi imodzi ya mvula, ndipo cipale couma kwambiri cipereka ocepera pamenepo.

Cipale cambiri pacokha sicichedwa namondwe. Akatswiri a zanyengo a ku Amerika ali ndi muyeso wao: mphepo ithamange mailosi 35 pa ora kapena kuposa, cipale cogwa kapena couluzika cichinge maso kuti munthu asaone patali poposa gawo limodzi mwa magawo anai a mailo, ndipo zikhale comweco maora 3 kapena kupitirira. Cimene cipha anthu kawirikawiri ndi mphepoyo. Munthu wogwidwa nayo panja saona mseu, saona nyumba, ngakhale dzanja lace lomwe, ndipo mphepo icotsa kutentha m'thupi mwace msanga.

Nyanja ngati mphika

Pakati pa Amerika ndi Canada pali nyanja zazikulu 5 za madzi opanda mcere. Buffalo ali kumathero a kum'mawa kwa imodzi mwa izo, nyanja ya Erie, imene kutalika kwace ndi mailosi pafupifupi 240. Madzi acedwa kutentha ndipo acedwanso kuzizira. Cifukwa cace m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene nthaka yayamba kale kuuma ndi cisanu, nyanja ikhala ikusungabe kufunda kwa m'cilimwe.

Tsono mphepo yozizira ndi youma itsika kucokera kumpoto kwa Canada nidutsa pamwamba pa madzi ofundawo. Cimene cicitika pamenepo cifanana ndi mphika wa madzi otentha woikidwa pabwalo m'mamawa wa Juni: nthunzi ifuka. Mpweya wokhudza madzi ufunda, utenga cinyezi, upepuka ndi kukwera. Ukakwera uzizira, mitambo ipangika, ndipo cinyezi ciundana kusanduka cipale. Akatswiri anapeza kuti zimenezi ziyamba mwamphamvu pamene mpweya wa pa mapazi 5,000 m'mwamba wazizira kuposa madzi a nyanja ndi madigiri 13 a Celsius kapena kupitirira. Kusiyanako kukakula, cipale cigwa mainchesi 2 kapena 3 pa ora, nthawi zina kuposa, ndipo pamveka ndi mabingu omwe.

Njira ya mphepo

Asodzi a pa Nyanja ya Malawi adziwa kuti mwera uopsya cifukwa uyenda m'litali mwa nyanja, ndipo mafunde akula pamene mphepo yayenda ulendo wautali pamadzi. Pa Erie ziri cimodzimodzi. Nyanjayi yagona kucokera kumwera ca kumadzulo kuloza kumpoto ca kum'mawa. Mphepo ikaidutsa m'mimba mwace, iyenda pamadzi mailosi 50 okha kapena kucepera, ndipo cipale cimwazika m'timizere tambiri tofooka m'mbali mwa gombe. Koma ikatsata litali lace, imwa cinyezi ulendo wonse, ndipo mitambo isonkhana mu mzere umodzi wautali ndi wopapatiza, ngati mtsinje woyenda m'mlengalenga. Kumene mtsinjewo uthira ndi kumathero a nyanja, kumene kuli Buffalo.

Mzerewu kutalika kwace kungathe kupitirira mailosi 100, koma m'mimba mwace kawirikawiri ndi mailosi 10 kapena 20 okha. Ndilo khoma lija anthu analiona mu 2014. Mphepo ikapotoka pang'ono cabe, mzere wonse usuntha. Ikapendekera kumadzulo, cipale cithira pa midzi ya kumwera kwa mzinda monga Hamburg ndi Orchard Park. Ikapendekera kumwera, cikwera kulowa pakati pa mzinda ndi kupitirira kuloza ku Niagara Falls. Ikakhazikika osasuntha tsiku lathunthu, midzi imene iri pansi pa mzerewo ndiyo isenza katundu yense.

Nchito ya gombe ndi mapiri

Pamadzi mphepo iyenda mosabvuta, pakuti palibe coipinga. Ikafika pa gombe ikumana ndi mitengo, nyumba ndi zitunda, ndipo icepetsa liwiro. Mpweya wobwera m'mbuyo upanikizana ndi wa patsogolo, ndipo posowa kolowera ukwera m'mwamba. Ukapeza mapiri ukakamizidwa kukweranso, uzizira koposa, nutaya cipale coonjezera. Anthu a ku Mulanje ndi Thyolo aona zofanana nazo pa nthawi ya ciperoni, ndi a kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe pa nthawi ya guti: mitambo yocokera ku nyanja yamcere inyowetsa mapiri pamene zigwa za kuseri kwace ziri zouma.

Citsanzo coonekera bwino ciri pa nyanja yoyandikana nayo ya Ontario. Kum'mawa kwace kuli citunda ca Tug Hill, cokwera mapazi pafupifupi 2,000. Mphepo ya kumadzulo iyenda m'litali monse mwa nyanja ndi kukagunda citundaco, ndipo malo ena kumeneko alandira mainchesi oposa 200 pa caka. Mzinda wa Toronto uli pa nyanja yomweyo, koma kumbali kumene mphepo icokera, ndipo cipale cace pa caka sicikwana mainchesi 50 pa zaka zambiri. Buffalo alandira mainchesi oposa 90.

Nyanja ikaundana

Erie ndiyo yosaya koposa mwa nyanja zisanuzo, motero izizira msanga ndipo zaka zambiri iundana pamwamba m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Madzi oundanawo akhala ngati cibvundikiro pa mphika: nthunzi ileka kufuka, ndipo cipale ca nyanja cicepa. Ontario ndi yakuya kwambiri ndipo siiundana yonse kawirikawiri, cifukwa cace Tug Hill alandira cipale nyengo yonse yozizira.

Komatu cibvundikiroco ciri ndi ngozi yaceyace. Mu Disembala 1976 Erie inaundana msanga kuposa zaka zina, ndipo cipale couma ngati ufa cinaunjikana pamwamba pace kwa masabata ambiri osasungunuka. Pa Lacisanu, 28 Januwale 1977, mphepo ya mailosi pafupifupi 70 pa ora inawomba m'litali mwa nyanja, ninyamula ufa wonsewo ndi kuuthira mumzinda. Cipale catsopano cogwa kumwamba cinali ngati mainchesi 12 okha, koma miyulu younjikidwa ndi mphepo inafika mapazi 30 m'malo ena, kukwirira magalimoto ndi nyumba zomwe. Anthu oposa 20 anafa, ena a iwo ali m'magalimoto ao, ndipo Pulezidenti Jimmy Carter analengeza kuti deralo lagwidwa ndi tsoka lofuna cithandizo ca boma lalikulu.

M'mene akatswiri alondolera namondwe

Mlenje alondola nyama ndi mapazi ace; katswiri wa zanyengo alondola namondwe ndi miyeso. Coyamba ndi kulemera kwa mpweya, kumene ayesa ndi barometa. Namondwe wamkulu azungulira pa malo pamene mpweya wapepuka, ndipo barometa ikatsika mofulumira, mphepo yamphamvu iri pafupi. Miyeso yocokera m'mizinda yambiri, m'zombo ndi m'ndege ilembedwa pa mapu amodzi, ndipo mapuwo aonetsa pamene pali mtima wa namondwe ndi kumene ulowera.

Caciwiri ndi mabaluni. Mwambo wa maiko ambiri ndi kuulutsa baluni kawiri pa tsiku pa nthawi yofanana, itanyamula kabokosi koyesa kuzizira, cinyezi ndi mphepo pamene ikwera mailosi pafupifupi 20. Ndi njira imeneyi katswiri adziwa kuzizira kwa mpweya wa pa mapazi 5,000, nakulinganiza ndi kufunda kwa madzi a nyanja.

Cacitatu ndi maso a m'mlengalenga. Satelayiti yoyamba yojambula mitambo bwino, TIROS-1, inaponyedwa mu 1960. Zina zimene zinatsatira ziima mailosi 22,000 pamwamba pa malo amodzi ndi kutumiza zithunzi mphindi zowerengeka ziri zonse. Pa zithunzizo mzere wa mitambo uoneka bwino lomwe, ndipo zioneka ndi mbali za nyanja zimene zaundana.

Cacinai ndi radar, makina otumiza mafunde a wailesi amene akagunda cipale abwerera ngati mau obwezedwa ndi phiri. Radar ionetsa pamene mzere uli tsopano ndi mphamvu yace. Koma mitambo ya cipale ca nyanja ikhala yotsika, ndipo radar ya kutali nthawi zina iponya mafunde ace pamwamba pace osaiona. Cifukwa cace nchito ya anthu wamba siinathe: alimi, aphunzitsi ndi ena odzipereka aika thabwa pabwalo, ayesa cipale ndi ndodo, natumiza miyeso yao.

Zonsezi zilowetsedwa m'makompyuta amene awerengera za mawa ndi mkuja. Kubwera kwa namondwe wamkulu kudziwika masiku angapo asanafike. Cobvuta ndi kunena mudzi weniweni umene mzere udzakhalapo, pakuti kupotoka kwakung'ono kwa mphepo kusuntha cipale mailosi 10.

Cenjezo la mu 2022

Mu Disembala 2022 akatswiri anaona namondwe akukula pakati pa Amerika, ndipo anacenjeza anthu a ku Buffalo masiku angapo pasadakhale. Erie inali isanaundane. M'mamawa wa Lacisanu, pa 23, kunali mvula wamba ndipo sikunazizire kwambiri, motero ambiri anapita ku nchito ndi kukagula za Krisimasi. Mwadzidzidzi mphepo yozizira inafika, madzi a m'miseu anaundana, ndipo mzere wa cipale unathira pakati penipeni pa mzinda pamodzi ndi mphepo yoposa mailosi 70 pa ora. Lamulo loletsa magalimoto linaperekedwa m'mawa womwewo, koma ambiri anali kale pa mseu.

Namondwe anakhala maora oposa 36 osapuma. Pa masiku owerengeka bwalo la ndege linalandira mainchesi oposa 50. Magalimoto a ambulansi ndi a ozimitsa moto anatitimira, ndipo panali nthawi imene oitana cithandizo sanathe kufikiridwa. Magetsi anazima m'nyumba zikwi zambiri. Anthu oposa 40 anafa m'deralo: ena m'magalimoto, ena pa mseu akuyesa kuyenda pansi, ena m'nyumba zozizira, ena ndi utsi wakupha cifukwa cipale cinatseka potulukira utsi, ndi ena mtima unaima pofosholera cipale. Pambuyo pace kunali kufunsana kwakukulu ngati lamulo lija silinacedwe, ndiponso ngati cenjezo linafika momveka kwa osauka ndi okalamba, amene analibe cakudya ca masiku ambiri m'nyumba ndipo sakanatha kujomba ku nchito.

Akale anati cakudza siciimba ng'oma. Kunena za namondwe wa cipale, ng'omayo tsopano imveka, pakuti baluni, satelayiti ndi radar ziona zimene maso a munthu sangathe kuona. Koma katswiri sangathe kuimitsa mphepo kapena kusuntha nyanja. Mphamvu yace ithera pa kunena. Cotsala ciri m'manja mwa olamulira, kuti atseke miseu nthawi ikadalipo ndi kukonzera ofooka malo ofunda, ndi m'manja mwa mwini nyumba, kuti asunge cakudya, madzi, mankhwala ndi zofunda, ndipo akamva cenjezo akhale pakhomo ngakhale kunja kukuoneka kwabwino.