Moto, Nyundo ndi Thanthwe: Luso la Oswa Miyala a ku Moatize ndi Zóbuè

Msewu wa N7, umene umachoka mumzinda wa Tete, kudutsa m'tauni ya Moatize mpaka kukafika pachipata cha Zóbuè choyang'anizana ndi Mwanza m'dziko la Malawi, umapyola m'dera la miyala yosiyanasiyana, ndipo mwala uliwonse uli ndi kaswedwe kake. M'chigwa cha Moatize muli miyala yamchenga yoyalana, imene inapangidwa ndi mchenga ndi matope ounjikana pansi pa madzi kalekale, ndipo pakati pa miyalo imeneyi ndi pamene pali malasha amene anatchukitsa boma la Moatize. Mozungulira chigwacho muli miyala yakuda yolemera imene akatswiri amaitcha gabbro, pomwe kumtunda, kumene msewu umakwera kulinga kumalire, kumaoneka matanthwe a granite ndi miyala ina yolimba yofanana nayo. Anthu olankhula Chinyungwe cha kufupi ndi mtsinje wa Zambezi ndi olankhula Chichewa cha ku Zóbuè anaizindikira miyalayi ndi manja awo asanabwere aliyense woiyeza ndi makina, ndipo nzeru imeneyi, ngakhale kuti siinalembedwe m'buku, ndi imene imadyetsa mabanja ambiri kufikira lero.

Chida chamwala chimene chinakhalitsa kwambiri pakhomo la mlimi wa kuno ndi mphero, mwala waphanthiphanthi woperera ufa, pamodzi ndi mwanamphero, kamwala kogwira m'manja kamene kamayendetsedwa pamwamba pake. M'dera lotentha ndi louma ngati chigwa cha Tete, kumene mapira ndi mchewere zimapirira chilala kuposa chimanga, mphero inali yosasowa chigayo chisanafike m'midzi. Kusankha mwala wake inali ntchito ya munthu wodziwa, pakuti mwala wofewa umakhukhuluka n'kuthira mchenga mu ufa, pomwe mwala wosalala kwambiri umangotereretsa mbewu osaziphwanya. Wosema ankafuna mwala wolimba koma wokhakhala, ndipo ankaugogoda pang'onopang'ono ndi nsangalabwi kapena mwala wina wolimba kuposa uwo, mpaka pakati pake pataloŵa pang'ono kuti mbewu zisamatayike. Mphero ikatha mano chifukwa cha kupera, mayi wa pakhomo ankaigogodanso kuti ikhakhale, moti mwala umodzi unkatha kupera ufa wa agogo, ana ndi adzukulu. Ngakhale mafuwa sankatoledwa mwachisawawa, chifukwa mwala wina wa mumtsinje, umene unamwa madzi m'timing'alu take, umaphulika ukatenthedwa. Osula zitsulo akale nawonso, asanapeze nyundo zogula, ankasulira makasu ndi nkhwangwa pamwala pogwiritsa ntchito mwala unzake.

Njira yakale yong'ambira thanthwe lalikulu ndi moto. Woswa miyala amayamba wachotsa dothi ndi udzu pathanthwepo, kenako amaunjika nkhuni pamalo amene akufuna kuti pang'ambike, n'kusonkha moto kwa maola angapo, kawirikawiri madzulo kapena usiku pamene dzuwa la ku Tete lazirala. Chimene chimachitika m'mwalamo n'chakuti pamwamba pamatentha n'kufutukuka pomwe m'kati mukadali mozizira, popeza mwala suyendetsa kutentha mofulumira, ndipo kukokana kumeneku kumabala mng'alu woyenda chopingasa pansi pa nkhope ya thanthwelo. Granite amagonja msanga chifukwa timiyala tamitundumitundu timene tinamupanga sitifutukuka mofanana, makamaka tonyezimira totchedwa quartz, timene timatupa mwadzidzidzi kutentha kukafika madigiri 573. Ena amathira madzi pamwala wotenthawo kuti uzizire mwadzidzidzi n'kusweka zidutswazidutswa, koma wofuna phanthi lalikulu la mphero kapena la maziko amauleka kuti uzizire wokha. Akatswiri ofukula zakale amavomereza kuti omanga makoma a Great Zimbabwe, amene anaimikidwa popanda matope omatira pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, ankapeza miyala yawo kuchokera ku matanthwe a granite osendeka mwa njira yotereyi, ndipo dera la Tete linali m'njira ya malonda a golide ya ufumu wa Mwenemutapa umene unadza pambuyo pake. Masiku ano nkhuni zikusowa, moti m'madera ambiri a Mozambique ndi Malawi oswa miyala amayatsa matayala akutha, amene amatentha kwambiri koma utsi wake ndi woipa m'chifuwa ndipo umadetsa dothi.

Moto ukatsegula mng'alu, ntchito imatsalira zitsulo. Pali nyundo yaikulu ya manja awiri, imene a ku Mozambique amaitcha marreta, nyundo yaing'ono yophwanyira, chitsulo chachitali chotukulira phanthi, ndi zikhomo zachitsulo zimene zimakhomedwa motsatana mumng'alumo. Zikhomozi sizimenyedwa chimodzi mpaka kuloŵa chonse, koma chilichonse chimalandira nkhonya imodzi kapena ziwiri mosinthanasinthana, kuti mphamvu ifalikire mofanana ndipo mwala ung'ambike molunjika. Apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi munthu wamphamvu chabe. Mwala uli ndi mitsempha monga mtengo, ndipo woudziwa amayang'ana kayalidwe ka timiyala take, amaugogoda n'kumvetsera ngati ukulira mwa mphako kapena molimba, ndipo amadziwa mbali imene ungavomere ndi nkhonya zochepa. Mwala wamchenga wa m'chigwa umang'ambika mosavuta motsata miyalo yake, pomwe gabbro alibe njira yoonekera ndipo amabunthitsa zitsulo msanga. N'chifukwa chake woswa miyala sayenda kutali ndi wosula, amene amapanga zosemera kuchokera ku masipuling'i ndi zitsulo zina za galimoto zakutha, n'kuziwotcha mpaka kufiira asanaviike nsonga yake m'madzi. Akafulumira kuziziritsa chitsulo chonse chimathyoka, akachedwa chimapindika, ndipo nthawi yoyenera amaidziwa poona mtundu wa chitsulocho.

Kumanga ndi miyala yosemedwa bwino ndi laimu kunakula ndi kufika kwa Apwitikizi, amene anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1500. Linga la São Tiago Maior mumzindamo ndi tchalitchi cha mishoni ya Boroma, imene ansembe a chipani cha Ajezuiti anaiyambitsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndi umboni wa ntchito imeneyi, ngakhale kuti mabuku amatchula eni mapulani osati anthu a m'derali amene anaswa ndi kusenza miyalayo.

Ntchito imene imaoneka kwambiri lero m'mbali mwa misewu ndi yophwanya miyala yosakaniza ndi simenti, imene Amalawi amaitcha kwale ndipo a ku Mozambique amati brita. Nthawi zambiri amuna ndiwo amang'amba thanthwe, ndipo amayi, nthawi zina pamodzi ndi ana, amakhala pansi tsiku lonse n'kumaphwanya zidutswazo pamwala waukulu, atazizinga ndi kachingwe kodula ku tayala kuti zisathawe ndiponso kuti nyundo isapeze chala. Miyalayo imasankhidwa malinga ndi kukula kwake, ina ya maziko, ina ya konkire, n'kugulitsidwa pa chitini, pa wilibala kapena pa mulu wodzaza lole. Omanga ena amaikonda chifukwa ili pafupi ndipo munthu atha kugula pang'onopang'ono monga mwa thumba lake, zimene kampani ya makina siilola. Mtengo weniweni wa ntchitoyi umalipidwa ndi thupi. Tizidutswa timalasa m'maso, msana umatha, ndipo fumbi la quartz likakhazikika m'mapapo limabala matenda osachizika otchedwa silicosis, amene amaumitsa mapapo n'kutsegulira njira chifuwa chachikulu. Kunyowetsa mwala usanaswedwe ndi kuvala magalasi otchinga m'maso kumachepetsa ngozizi pa mtengo wochepa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti uphungu wotere sufika kwa anthu amene sali pa ndandanda wa bwana aliyense.

Zonsezi zikuchitika pambali pa umodzi mwa migodi ikuluikulu ya malasha mu Africa. David Livingstone anaona malasha a m'mphepete mwa mtsinje wa Moatize m'chaka cha 1856, ndipo m'nthawi ya atsamunda ndi pambuyo pa ufulu wa 1975 ankakumbidwa m'migodi ya pansi pa nthaka. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kutulutsa malasha pamgodi wapamtunda m'chaka cha 2011, n'kugulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan m'chaka cha 2022. Kuti mgodiwo utseguke, mabanja 1,365 anasamutsidwa, ambiri kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo ena kudera la 25 de Setembro m'tauni ya Moatize, monga linalembera bungwe la Human Rights Watch m'chaka cha 2013. M'chaka chomwecho oumba njerwa a ku Moatize, amene anataya malo awo okumba dothi ndi owotchera njerwa, anatseka njira zopita kumgodi ponena kuti chipukutamisozi chimene analandira sichinafanane ndi ntchito imene anataya.

Dandaulo la oumba njerwa likukhudzanso oswa miyala, chifukwa luso la onsewa linamangirizidwa ku malo. Nyumba itha kumangidwanso kwina, koma munthu amene anaphunzira kwa zaka zambiri kang'ambidwe ka thanthwe limodzi, amene ali ndi wosula wake pafupi ndi ogula odziwa pamene iye amakhala, akasamutsidwa amataya chuma chimene oŵerengera chipukutamisozi sachiona. Malamulo a Mozambique amati nthaka ndi zonse za pansi pake ndi za boma. Lamulo la nthaka la 1997 limavomereza ufulu wa anthu ogwiritsa ntchito malo motsata mwambo, ndipo lamulo la migodi la 2014 lili ndi chilolezo cha okumba ndi manja chotchedwa senha mineira, koma chilolezochi chimagwira ntchito m'malo okhawo amene boma lawapatulira ntchitoyi. Kumene malo otere sanapatulidwe, woswa miyala alibe pepala losonyeza kuti thanthwelo ndi ntchito yake, ndipo kampani ikabwera ndi chilolezo chachikulu amasowa poyambira kudandaula. Akuluakulu a boma la Moatize, limene Zóbuè ndi gawo lake, ali ndi mphamvu yolemba matanthwe amene anthu akugwirapo ntchito ndi kupempha kuti apatulidwe, ndipo ntchito imeneyi iyenera kuchitika zilolezo zatsopano za migodi ndi za makampani oswa miyala zisanaperekedwe.