Kodi mtsikana ali kuti m'masewera a pafoni?

Ngati pakhomo panu pali foni ya intaneti, mukudziwa kale zimene zimachitika madzulo. Ana amaunjikana pa foni imodzi, mitu pamodzi. Akusewera. Ena amati magemu, ena amatchula m'Chipwitikizi kuti jogo. Wina akumenya mpira, wina akuthamangitsa galimoto, wina akuwombera adani mu Free Fire. Akuluakulu ambiri timangoti ndi zachibwana. Timadandaula za moto wa m'foni ndi ndalama za intaneti basi.

Lero ndikupemphani kuti musendere pafupi, muyang'ane pa galasi la foniyo. Mudzifunse mafunso awiri. Loyamba: munthu amene ali m'gemumo ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo akuchita chiyani? Lachiwiri: foniyo ili m'manja mwa ndani, mnyamata kapena mtsikana? Mafunso amenewa akuoneka aang'ono, koma m'mayiko ena autsa mkangano waukulu, mpaka milandu kukhoti.

Gemu ndi nthano

Kale agogo ankatikhazika pamoto n'kutisimbira za Kalulu ndi Fisi. Nthano zija zinkatiphunzitsa kuti wochenjera ndani, wadyera ndani, woyenera ulemu ndani. Magemu ambiri nawonso ndi nthano. Muli ngwazi, muli mdani, muli ulendo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'gemu mwana samangomvera. Iyeyo ndiye amasanduka ngwaziyo. Akadina batani, ngwazi imalumpha. Ngwazi ikapambana, mwana amati, "Ndapambana."

Nthano zimenezi sizigwa kumwamba. Amazipanga ndi anthu olembedwa ntchito m'makampani, ndipo makampani aakulu ambiri ali ku Japan, ku America, ku China ndi ku Ulaya. Anthu amenewa amakhala pansi n'kusankha: ngwazi ikhale mwamuna kapena mkazi, khungu lake likhale lotani, ivale chiyani, iyankhule chinenero chanji. Zimene iwo asankha ndi zimene mwana wanu amaona tsiku ndi tsiku.

Mkazi wongodikira kupulumutsidwa

M'chaka cha 1981 kampani ya ku Japan yotchedwa Nintendo inatulutsa gemu ya Donkey Kong. Nkhani yake inali yaifupi. Chinyani chachikulu chaba mkazi, ndipo mwamuna akukwera makwerero kukamupulumutsa. Mwamuna ameneyu ndi amene pambuyo pake anatchuka ndi dzina loti Mario. Mu 1985 kunabwera Super Mario Bros. Umunso mwana wamkazi wachifumu wabedwa ndi chilombo, ndipo Mario akuyenda ulendo wautali kukamutenga. Magemu ambiri anatsatira njira yomweyo. Mwamuna amathamanga, amamenya, amaganiza. Mkazi amakhala m'chitolokosi, akudikira. Iye ali ngati mphoto ya wopambana.

Mu 2009 Dmitri Williams wa ku yunivesite ya Southern California ndi anzake anafalitsa zotsatira za kalembera wachilendo. Anawerenga anthu a m'magemu 150 amene ankagulidwa kwambiri ku America, monga mmene boma limawerengera anthu m'midzi. Anapeza kuti pa anthu 100 alionse a m'magemu, 85 anali amuna ndipo 15 okha anali akazi. Anapezanso kuti pa 100 alionse, 80 anali azungu.

Ngakhale akazi ochepa aja, ambiri ankajambulidwa kuti asangalatse maso a amuna. Mwamuna wankhondo amavala zida thupi lonse, koma mkazi wankhondo amapita kunkhondo yomweyo atavala kansalu kakang'ono. Anthu akuda nawo kawirikawiri ankaoneka ngati achifwamba kapena osewera mpira basi. Mu 2009 momwemo gemu ya Resident Evil 5 inadzudzulidwa kwambiri. Inkaonetsa msilikali wachizungu akuwombera khamu la anthu akuda amene matenda anawasandutsa zilombo, m'dziko longopeka la mu Africa.

Akazi analipo kuyambira pachiyambi

Mwina mukuganiza kuti zinali chonchi chifukwa akazi sakonda magemu. Ayi. Bungwe la makampani a magemu ku America, Entertainment Software Association, limawerenga osewera chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zambiri lakhala likupeza kuti pafupifupi theka la osewera kumeneko ndi akazi.

Akazi analinso pakati pa opanga magemu oyambirira. Carol Shaw anayamba ntchito pa kampani ya Atari mu 1978, ndipo mu 1982 anapanga River Raid, gemu ya ndege yankhondo imene inagulidwa kwambiri. Roberta Williams ndi mwamuna wake anayambitsa kampani yawo, ndipo iye ndiye analemba King's Quest ya mu 1984. Muriel Tramis, mkazi wakuda wa pa chilumba cha Martinique, anapanga Freedom mu 1988. Mu gemu imeneyi wosewera amakhala kapolo amene akukonza zothawa m'munda wa nzimbe. Panalinso Jerry Lawson, injiniya wakuda wa ku America. Iye anatsogolera gulu limene mu 1976 linatulutsa makina oyamba a panyumba osinthira magemu pochotsa kabokosi kamodzi n'kuikamo kena. Mayina amenewa ambiri mwa osewera sawadziwa.

Nthawi zina opanga magemu ankayesa njira ina. Mu 1986 Nintendo inatulutsa Metroid. Ngwazi yake, Samus Aran, inkavala zida zachitsulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Osewera ambiri ankangoti ndi mwamuna. Amene anamaliza gemu mwachangu anadabwa: ngwazi ija itavula chisoti, anaona kuti ndi mkazi. Maganizo awo anali atazolowera kuti wolimba mtima ndi mwamuna.

Mu 1996 ku England kunatuluka Tomb Raider, ndipo ngwazi yake, Lara Croft, inatchuka padziko lonse. Anali mkazi wanzeru ndi wopanda mantha. Komabe thupi lake linajambulidwa mokokomeza, ndipo otsatsa malonda ankaligwiritsa ntchito pokopa anyamata. Mu 2013 gemuyi inapangidwanso mwatsopano. Nkhani yake analemba ndi mkazi, Rhianna Pratchett, ndipo Lara anaoneka ngati munthu weniweni amene amatopa, amavulala, n'kudzukanso.

Amene anafunsa anazunzidwa

Kufunsa mafunso amenewa poyera sikunali kophweka. Mu 2012 Anita Sarkeesian, wobadwira ku Canada, anapempha anthu pa intaneti kuti amuthandize ndi madola 6,000. Ankafuna kujambula mavidiyo ofotokoza mmene magemu amaonetsera akazi. Anthu anasonkha madola oposa 150,000. Koma ena anakwiya koopsa. Anamutukwana, anamuopseza kuti amugwiririra ndi kumupha. Wina mpaka anapanga kagemu komenya nkhope yake. Mu Okutobala 2014 iye analephera kukayankhula pa yunivesite ya Utah State chifukwa munthu wina analemba kalata yoopseza kuti adzawombera anthu pa msonkhanowo.

Chaka chomwecho kunabuka chipwirikiti chotchedwa Gamergate. Magulu a osewera pa intaneti anasaka ndi kuopseza opanga magemu monga Zoë Quinn ndi Brianna Wu. Anaulula kumene amakhala, ndipo iwo anathawa m'nyumba zawo.

Vuto linalinso m'kati mwa makampani. Mu 2018 akazi ogwira ntchito pa Riot Games, kampani ya ku Los Angeles imene imapanga League of Legends, anakasuma kukhoti. Anati amalipidwa zochepa kuposa amuna ndiponso amachitidwa zachipongwe pantchito. Kumapeto kwa 2021 kampaniyo inavomera kulipira madola 100 miliyoni kuti mlandu uthe.

Onani mmene zinthuzi zikugwirizanirana. Akazi akasowa mtendere pantchito, amachoka. Akachoka, osankha nkhani amatsala amuna okhaokha. Kenako m'gemu mkazi amasowa, ndipo mtsikana akaona amati, "Izi si zanga."

Zinthu zimasintha anthu akalankhula

Mu 2014 kampani ya Ubisoft inafunsidwa chifukwa chake munthu sangasewere ngati mkazi mu Assassin's Creed Unity. Akuluakulu ake anayankha kuti kupanga akazi kukanachulukitsa ntchito kawiri. Anthu ambiri anakana yankho limeneli. Chaka chotsatira, gemu yatsopano ya mndandanda womwewo inali ndi ngwazi ziwiri, mlongo ndi mlongo wake, ndipo wosewera ankasewera onse awiri.

Taonaninso gemu ya mpira ya FIFA, imene anyamata athu amaikonda. Inayamba mu 1993. Kwa zaka 22 munalibe timu ya akazi ngakhale imodzi. Mu 2015, mu FIFA 16, munalowa matimu 12 a akazi oimira mayiko awo, ngakhale kuti panalibe la mu Africa. Mu 2022 Sam Kerr, katswiri wamkazi wa ku Australia, anaikidwa pa chikuto chimodzi cha FIFA 23 pamodzi ndi Kylian Mbappé.

Anthu ena sanadikire makampani aakulu. Anayamba kusimba okha nthano zawo. Ku Alaska, dera lozizira kwambiri la ku America, kuli mtundu wa anthu wotchedwa Iñupiat. Akuluakulu awo anagwirizana ndi opanga magemu, ndipo mu 2014 anatulutsa Never Alone. Ngwazi yake ndi kamtsikana, Nuna, kamene kamayenda ndi nkhandwe m'chimphepo cha chipale. Wosimba nthanoyo amayankhula m'chinenero chawo. Ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, Olivier Madiba ndi anzake a Kiro'o Games anatulutsa Aurion mu 2016. Umu mfumu Enzo ndi mfumukazi Erine amamenya nkhondo limodzi kuti alandenso ufumu wawo. Mu 2024 Abubakar Salim, wa ku Britain koma wochokera m'banja la ku Kenya, anatulutsa Tales of Kenzera: Zau. Anaipanga pokumbukira bambo ake amene anamwalira. Ngwazi yake ndi nganga, mawu apachibale ndi athu oti sing'anga, ndipo gemuyo mutha kuimvera m'Chiswahili.

Nanga pakhomo panu?

Ife sitili ku Los Angeles kapena ku Japan. Koma khalidwe logawa masewera timalidziwa. Bawo pansi pa mtengo nthawi zambiri ndi ya abambo. Mpira wachikulunga ndi wa anyamata. Phada ndi fulaye ndi za atsikana. Tsopano kwabwera foni, ndipo tikapanda kusamala tiigawanso chimodzimodzi. Mnyamata akaweruka kusukulu amatenga foni. Mtsikana amatenga ndowa.

Apa pagona nkhani. Mwana amene amasewera pa foni amaphunziranso zina. Amazolowera kuwerenga mawu a pagalasi. Amadziwa kutsitsa pulogalamu, kusunga nambala yachinsinsi, kufufuza chimene chalakwika. Mawa luso lomweli lidzafunika potumiza ndalama pafoni, polembetsa sukulu, pofunsira ntchito. Inu amene mukuphunzira kuwerenga muli aakulu mukudziwa kuwawa kwa kutsalira. Amayi ambiri m'makalasi athu anasiyitsidwa sukulu chifukwa wina anati sukulu ndi ya anyamata. Tisabwereze zomwezo ndi foni. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, pa ndime 36, amanena kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo m'mbali zonse za moyo: ndale, chuma, kakhalidwe ka anthu ndi chikhalidwe. Masewera nawo ali m'gulu la chikhalidwe.

Simufunika kudziwa kusewera kuti muthandize. Mtengo amauwongola ukadali waung'ono. Yesani izi.

Choyamba, gawani nthawi ya foni mofanana. Ngati mnyamata asewera mphindi 30, mlongo wakenso asewere mphindi 30. Ntchito zapakhomo nazo azigawana, kuti nthawiyo ipezeke.

Chachiwiri, khalani pafupi ndipo muzifunsa. "Kodi uyu ndani? Nanga akazi ali kuti? Uyu wavala chonchi chifukwa chiyani? Anthu akuda m'gemumu akuchita chiyani?" Musakalipe. Mulekeni mwana ayankhe yekha.

Chachitatu, yang'anani nambala ya zaka musanalole gemu kulowa m'foni. Pamalo otsitsira magemu pamalembedwa 3, 7, 12, 16 kapena 18. Nambalayo ikusonyeza msinkhu woyenera. Gemu ya 18 si ya mwana.

Chachinayi, mvetserani zimene ana amayankhula posewera ndi anthu akutali. M'magemu ambiri osewera amalankhulana ndi anthu osawadziwa. Atsikana ambiri amabisa kuti ndi atsikana poopa kutukwanidwa kapena kufunsiridwa. Uzani mwana wanu wamkazi kuti asatumize chithunzi chake, asanene kumene amakhala, ndipo wina akamuvutitsa akuuzeni. Magemu ambiri ali ndi batani lotsekera munthu wachipongwe. Vuto likakula, imbani 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança. Mwana wamwamuna mumuuze mosabisa kuti kutukwana mtsikana m'gemu n'chimodzimodzi kumutukwana pamsika.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Ndi masewera ati amene munaletsedwa muli ana chifukwa ndinu mkazi kapena mwamuna?
2. Pakhomo panu, ndani amagwira foni nthawi yaitali? Chifukwa chiyani?
3. Mukanati mupange gemu kuchokera ku nthano ya kwanu, ngwazi yake ikanakhala ndani? Lembani dzina lake m'kope lanu, ndi ziganizo zitatu zonena zimene iye amachita.