Malonda a Njoka ndi Afulu: Cifukwa Cace Boma Liwaletsa

M'maiko a Azungu muli anthu amene aweta njoka, abuluzi ndi afulu m'nyumba zao monga momwe ena awetera nkhunda. Kuti apeze nyamazi alipira ndalama zambiri, ndipo nthawi zina amalonda anyengerera anyamata kuti akazigwire kuchire. Malonda otere aononga mbali ziwiri: kumene nyama icokera ndi kumene ipita.

Kumpoto kwa Zambia, kufupi ndi Nakonde, kuli fulu wa cigoba caphwatalala amene abisala m'ming'alu ya miyala. Kawiri-kawiri wamkazi aikira dzira limodzi lokha pa nthawi imodzi, cotero akagwidwa ambiri mtundu wace subwerera msanga. Cifukwa ca ici, pa msonkhano wa ku Geneva m'caka ca 2019, maiko a m'pangano la CITES analetsa kugulitsa kunja afulu otere ogwidwa kuchire. Panganoli linalembedwa ku Washington mu 1973, ndipo Zambia ali momwemo.

Mbali yaciwiri ioneka ku Florida, m'dziko la America. Kumeneko anthu anali kugula ana a nsato za ku Burma. Zitakula ndi kuyamba kuopsa, ena anazitaya m'madambo a Everglades, zina zinathawa zokha. Nsatozo zinaswana kwambiri, pakuti yaikazi iikira mazira makumi-makumi, ndipo m'madera ena akalulu anatsala pang'ono kutheratu. Mu 2012 Boma la America linaletsa kulowa nazo m'dzikomo, koma mocedwa. Lero alenje alipidwa kuti azisake, koma sizikutha.

Anthu a ku Bwana Mkubwa asayese kuti imeneyi ndi nkhani ya kutali. Madzi a Kafubu, opita pa Ndola, athira mu Kafue, ndipo mu Kafue muli kale mlendo wotere: nkhanu za ku Australia, zimene zinabwera kudzawetedwa, tsopano zidya nsomba zokodwa m'maukonde a asodzi. Nyama yotayidwa m'dambo kuseri kwa komboni ingathe kuyenda ulendo womwewo.

Lamulo la Nyama za Kuchire la masiku a makolo silindilo ligwira nchito lero, koma Zambia Wildlife Act ya 2015. Lamuloli lifuna kuti woweta nyama ya kuchire, woigulitsa, ndi wotuluka kapena kulowa nayo m'dziko akhale ndi cilolezo. Wotopa ndi nyama yace asaitaye kumtsinje usiku. Aipereke kwa anchito a Department of National Parks and Wildlife.